Za veni yochokera ku Geneva kupita ku Chamonix

Achimwene, mwafunsa ngati veni imodzi ingakwane kuperekera katundu kumahotela a ku Chamonix, ku France, kuchokera ku Geneva, ku Switzerland. Ikwana ndithu, koma chovuta chili pamalire. Switzerland sili mumgwirizano wa kasitomu wa EU (bungwe la mayiko a ku Ulaya, momwe muli France), choncho katundu wamalonda ayenera kulembetsedwa, mapepala ali m'manja musanafike pachipata cha malire cha Bardonnex.

Ku Haute-Savoie, dera la France komwe kuli Chamonix, kuyambira 1 Novembala mpaka 31 Malichi, lamulo limafuna matayala a m'chisanu kapena matcheni omanga pamatayala. Chonde phunzirani kumanga matcheniwo pakhomo, osati pachitunda usiku zala zitachita dzanzi. Chiphaso cha misewu ikuluikulu ya ku Switzerland ndi 40 francs pachaka.

Loweruka musamalonjeze ola lofikira. Alendo a m'mahotela amasinthana tsiku limenelo, ena akuchoka ena akufika, ndipo msewu waukulu wa A40 wolowera ku Chamonix umadzaza kuyambira m'mawa.