Ine ndalama ya ana inapita ku masipika

Eee amai mwandigwira pachilonda. Zoti Loweruka lililonse muli ndi ana a Sande sukulu, choko ndi mabisiketi mukugula ndi ndalama ya m'thumba mwanu koma akuluakulu a mpingo olo kudzasuzumira chabe ayi, ine ndinadutsamo zaka 7 ndipo mpaka lero ndikakumbukira tulo timandithawa.

Mpingo sindiutchula, muno muli anthu ambiri a mu Chipata mungadziwe msanga. Tinali ndi ana opitirira 60 ndipo kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, dzinja likafika ndiye kuti maphunziro atha, tinkangothinana pakhonde. Tinapempha kangati kuti atimangire kashedi, yankho limodzimodzi, ati tidzaona chaka chamawa. Ndiye ine ndi achinyamata tinati tidzithandize tokha. Agogo ena, mkulu wa mpingo wopuma, anatibwereka munda wawo njira ya ku Chadiza tinalima soya ndi nshawa zaka ziwiri, anyamata a giredi 9 kupalira dzuwa likuswa mtengo atangodya mbatata ndi madzi, atsikana kukazinga vitumbuwa kukagulitsa ku Kapata. Zonse pamodzi zinakwana K14,000. Tinali titalemba kale pa pepala, malata, mapoketi a simenti, mabenchi, ma Baibulo a Chinyanja 20, yotsalayo tiyambire kulipirira mnyamata wina wamasiye amene anali ndi mphatso yophunzitsa kuti akadzamaliza giredi 12 apite ku sukulu ya Baibulo. Mwana uja akaima kufotokoza nkhani ya Yosefe olo tiana tosamvera tija tinkakhala chete.

Ndalama ndinakapereka kwa msungichuma monga mwa lamulo la mpingo. Lisiti sindinafunse. Ndinkati ndi m'nyumba ya Mulungu, ndifunsirenji.

Manje Sande ina mu Januwale ndalowa m'tchalitchi ndaona masipika awiri akuluakulu kutsogolo, kiibodi yatsopano pulasitiki asanachotse nkomwe, mlembi waima ati tithokoze Mulungu watipatsa zida, azimai nthungululu, ine mtima unangoti phaa chifukwa ndinkadziwa kuti m'thumba la mpingo munalibe kanthu, mwezi womwewo tinalephera kulipira magetsi. Mapemphero atatha ndinalowa mu vesitile kukafunsa, mwaulemu ndithu chipewa m'manja. Mlembi ati ndalama ikalowa mu mpingo ndi ya mpingo, palibe ya ana palibe ya akulu. Abusa ali phee maso pa foni, sanandiyang'ane olo kamodzi. Mkulu wina, munthu woti ana ake atatu ndinawaphunzitsa ndine, ati achimwene samalani muli ndi mzimu wogalukira. Ine wogalukira? Amene matuza anali asanapole m'manja? Kunja mvula inali itayamba ya mkuntho ija, ndatuluka ndapeza ana athinana pakhonde madzi akuwathira kumiyendo, kamtsikana kena kagwira kabuku kake ka mavesi kanyoweratu inki yayenderera, mkati anyamata a kwaya akuyesa kiibodi phokoso lokhalokha. Ndiye mnyamata wamasiye uja anandiyang'ana nkundifunsa kuti aphunzitsi, soya yathu ndi imene ikulira mkatimo? Ndinasowa choyankha amai. Ndinangotsegula ambulera nkumupatsa, ine ndinapita kunyumba ndikunyowa.

Sande yotsatira analengeza kuti ndapumitsidwa miyezi itatu kuti ndidzifufuze. Mwana uja anasiya kubwera. Lero amanyamula anthu panjinga mu tauni, tikakumana amatsika nkundipatsa moni bwinobwino koma za tchalitchi safuna kumva, ndipo ine sindimuimba mlandu.

Chimene chimandipweteka ndi chakuti anthu omwewa pa guwa amafuula kuti ana ndi mpingo wa mawa. Mawa lake liti? Ndalama ya tsiku loyamikira abusa imapezeka sabata imodzi, ya suti ndi mafuta opitira kumisonkhano ku Lusaka imapezeka, koma benchi ya mwana mpaka komiti ikhale kanayi. Taonani kuno kwathu zimene zakhalitsa. Amishoni anafika pa Magwero mu 1899, Madzimoyo 1903, ndipo sindikuti anali angelo ayi, tsankho analinalo, zinatenga zaka 30 kuti munthu wakuda woyamba, a Justo Mwale, adzozedwe ubusa mu mpingo wawo mu 1929. Koma paliponse pamene anaika tchalitchi anaikaponso sukulu, nchifukwa chake mpaka lero pa Magwero pali sukulu ya ana osaona ndi ya ana osamva, ndipo koleji ya abusa ku Lusaka ikudziwika ndi dzina la a Justo Mwale. St Francis ku Katete kuyambira 1948 ikuchizabe anthu, Mwami chimodzimodzi. Amene anaumba njerwa zoyambazo anamwalira kalekale koma zidzukulu za zidzukulu zikudyabe thukuta lawo. Ife tidzasiya chani, masipika?

Ndipo si ndalama chabe. Agogo anatibwereka munda aja ndi amene anandiphunzitsa ine ndili mwana, Lachitatu lililonse madzulo pakhonde pawo, magalasi omanga ndi ulusi, iwo kuwerenga vesi ine kubwereza, ndikalakwitsa ati bwereza mwana wanga sitithamangira basi. Analibe kanthu mdala uja koma nthawi anali nayo. Zimene Paulo anauza Timoteo zija, kuti zimene wamva kwa ine uzipereke kwa anthu okhulupirika amene adzaphunzitsenso ena, ine ndinaziona pakhonde limenelo osati pa msonkhano wa atsogoleri. Manje abusa ambiri a masiku ano afunseni maina a ana asanu a mu Sande sukulu yawo muone mmene azikandira m'mutu.

Ndiye amai musasiye ayi, ana aja alibe mlandu. Ndalama mukasonkhanitsa kaperekenibe kwa msungichuma, ndikudziwa mukuti aaa si uyu wangotiuza kuti anamudyera, eee koma mukasunga kunyumba kapena mu foni yanu mawa adzakutchulani wakuba ndipo dzina likaipa mu mpingo silichapika. Chabe lisiti, asaine awiri, ndipo muwerengere pamaso pa makolo a ana. Kapena ikangokwana ya mapoketi asanu thamangani mukagule simentiyo tsiku lomwelo, fodya wako ndi amene ali pamphuno, simenti sangaisandutse kiibodi. Abusa musakangane nawo pagulu, apatseni ulemu wawo, muziwaitana adzatsegule kalasi ndi pemphero olo mphindi 10, ena si oipa mtima koma sanazolowere chabe. Komanso kunena zoona za shedi musazitengere pamtima kwambiri monga ndinachitira ine, sankhani ana awiri atatu amene mukuona kuti ali ndi njala ya mau, muziwayendera kwawo, mudziwe ngati adya, ngati ali ndi yunifomu, muziwapatsa mpata aphunzitse anzawo inu mutakhala kumbuyo. Ine ndinathera mphamvu zonse pa malata mwana uja nditamutaya ndilibe chonena naye.

Ineyo miyezi itatu itatha sindinabwererenso kukaphunzitsa, ndimangokhala benchi yakumbuyo, mkazi wanga amandinena tsiku ndi tsiku kuti ndikhululuke, mwina chaka chino. Sipika imodzi inapsa magetsi atabwera mwamphamvu nthawi ya lodishedingi, ili mu vesitile amaikapo mayunifomu a kwaya. Ana akadali pansi pa mango paja.