Funsani Tiyankhe: Ana ndi Ndakatulo Zoseketsa

FUNSO: Ndimaphunzitsa Sitandade 4. Ndikauza ana kuti alembe ndakatulo yoseketsa yokhala ndi mawu omveka mofanana kumapeto kwa mizere, mizere yonse imangothera pa "-a" ndipo palibe amene amaseka. Ndiwathandize bwanji? Mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, anawo sakulakwa. Mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera pa "-a". Ndiye "kudya" ndi "kugona" amafanana lembo lomaliza, koma khutu silimvapo kanthu. Polankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho kufanana kuyambire pa lembo la liwu la phatikizo limenelo: nsima, mtima, kulima, mphika, msika, kufika, njala, chala, mwala, chimanga, nkhanga, nyanga.

Tsiku loyamba musawapatse cholembera. Lembani "-ulu" pa bolodi, muwagawe m'magulu a ana asanu, muwapatse mphindi zisanu zosaka mawu. Adzakupatsani bulu, sukulu, chulu, kalulu, mkulu, gulu. Kuseka kumayambira pomwepo, chifukwa mwana akaona bulu ndi sukulu zayandikana amadzifunsa kuti buluyo akukatani kumeneko. Mwa mawuwo sankhani atatu, muumbe nawo mizere inayi pamodzi:

Bulu walowa sukulu,
Mnzake ndiye Kalulu.
Atamupatsa mabuku,
Wakawadyera pachulu!

Tsopano ana awombe m'manja pa phatikizo lililonse. Mzere uliwonse pamwambapa uli ndi maphatikizo 8. Samalani ndi "m" wa mu mnzake, mtima ndi msika: ameneyu amaima yekha, m-ti-ma, kuwomba katatu. Ana ambiri amamudumpha, mzere n'kutsimphina. Kwa msinkhu umenewu maphatikizo 6 mpaka 8 akwanira. Mzere ukatalika mpaka 12 mwana amathera mpweya panjira, nthabwala n'kuzizira.

Chofunika kwambiri ndi malo a chodabwitsacho. Chiyenera kubwera pa mzere womaliza, makamaka pa mawu omaliza enieniwo. Mwana akayamba ndi "Bulu wadya mabuku", mizere yotsalayo imakhala yongofotokoza, ndipo anzake aseka kale. N'chifukwa chake timalangiza kuti mwana ayambe waganiza mzere womaliza, kenaka abwerere m'mbuyo kukakonza njira yofikira pamenepo.

Musaiwale mvekero. Chichewa n'cholemera ndi mawu monga khu, phava, psiti, gwedegwede, ndipo ana amawakonda kuposa china chilichonse. "Mkulu wagwa m'madzi kuti phava!" amaseketsa ngakhale mzerewo usanapeze mnzake.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 9 amalemba mizere yomveka bwino koma yopanda mutu, monga "Ndadya nsima, nyali yazima, ndili ndi mtima". Ndimuletse? Mayi wa ana atatu, Zomba.

YANKHO: Musamuletse, mayi, khutu lake latseguka kale. Chimene chikuchitika n'chakuti akutola mawu oyamba amene abwera m'mutu. Muzimufunsa funso limodzi: "Kenaka chinachitika n'chiyani?" Nyali itazima, mwina anapisa dzanja m'mbale ya agogo. Nkhani yapezeka. Pa mzere uliwonse asonkhanitse mawu osachepera asanu asanasankhe, ndipo akasowa oyenera asinthe dongosolo la mzere kuti mawu osavuta akhale kumapeto. Aziwerenga mokweza nthawi zonse. Pomwe lilime lapunthwa m'pomwe pafunika kukonza.

FUNSO: M'kalasi mwanga ndakatulo zasanduka zonyozana. Ena akulemba za mutu kapena zovala za anzawo. Nditani? Mphunzitsi, Kasungu.

YANKHO: Ikani lamulo ntchito isanayambe: m'ndakatulo musalowe dzina la mnzawo, chilema, khungu, mtundu kapena umphawi wa kwawo. Mwana wosekedwa pamaso pa kalasi yonse amadana ndi ndakatulo mpaka kukula, ndipo nyimbo yomunyozayo imamutsatira mpaka pa mjigo. Apatseni oti aziwaseka: Fisi wadyera, Kamba wochedwa ku ukwati, mbuzi yokwera minibasi. Muziwerenga kaye zolembazo inuyo zisanalakatulidwe. Mukapeza yonyoza, muitaneni mwiniwake pambali, mumuyamikire pomwe mawu wawalumikiza bwino, kenaka mumuuze achotse dzinalo aikepo nyama.