Musanasankhe Flutter kapena React Native, onani kaye foni za makasitomala anu

Achimwene, mwafunsa kuti pa app yoti eni magolosale aziodera katundu ku shopu yanu ya ku Limbe musankhe iti pakati pa Flutter ndi React Native (zida zopangira ma app a pa foni, zimene amazitcha ma framework), komanso ngati laputopu ya RAM ya 4GB ingakwanitse. Ine ndinganene kuti Flutter, pokhapokha ngati mumadziwa kale JavaScript, chilankhulo chimene React Native imalembedwamo.

Flutter ndi ya Google, inatuluka yokhazikika mu Disembala 2018, ndipo imalembedwa mu chilankhulo cha Dart. Imajambula yokha chilichonse chooneka pa sikirini, ndiye zimene mukuona pa foni yanu n'zomwenso adzaone mwini Tecno kapena itel. React Native inapangidwa ndi Facebook, inatulutsidwa mu 2015, ndipo imagwiritsa ntchito mabatani a foniyo. Ngati munapangapo mawebusaiti ndi React, musataye luso limenelo, tengani React Native pamodzi ndi Expo, chida chimene chimafewetsa ntchito yake. Kotlin Multiplatform ya JetBrains inakhazikika mu Novembala 2023, ndi yabwino, koma woyamba kumene akakakamira amavutika kupeza womufunsa. Xamarin musaiyambe n'komwe, Microsoft inasiya kuisamalira mu Meyi 2024.

Koma chimene chidzaphe kapena kupulumutsa app yanu si dzina la framework ayi. Ganizirani mayi wa golosale ku Bangwe kapena ku Chirimba. Foni yawo ndi ya Android yotchipa, malo anadzaza ndi zithunzi za pa WhatsApp, bandulo amagula ya tsiku limodzi, ndipo magetsi akazima netiweki nayo imayamba kuvuta. App ikangozungulira kudikira intaneti pamene iwo akufuna kuoda shuga ndi mafuta ophikira, aichotsa tsiku lomwelo n'kubwerera ku foni yoimba.

Choncho ipangeni yoti izigwira ntchito popanda intaneti. Mndandanda wa katundu ndi mitengo uzikhala pa foni pomwepo mu SQLite (kadatabesi kosungira zinthu m'foni), oda izilembedwa kaye m'menemo, kenako izipita ku seva netiweki ikabwera. Apa samalani kwambiri: oda iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake yopangidwa pa foni, chifukwa netiweki ikaduka pakatikati app imatumizanso, ndipo mukapanda kutero mudzakweza mabelo a shuga kawiri kwa munthu amene anaoda kamodzi. Pa oda paoneke bwinobwino kuti "yapita" kapena "ikudikira". Mitengo nayonso imasintha pafupipafupi masiku ano, ndiye muzionetsa tsiku limene mtengowo unalowa m'foni, kuti pasadzakhale mkangano pa kauntala. Zithunzi za katundu zikhale zazing'ono, bandulo ndi ya kasitomala.

Pa zolipira, Airtel Money ndi TNM Mpamba zidutse pa seva yanu. Makiyi achinsinsi musawaike mkati mwa app, aliyense wodziwa akhoza kutsegula APK (fayilo yoikira app pa foni ya Android) n'kuwaona.

Laputopu ya 4GB ivutika. Android Studio, pulogalamu yolembera ma app a Android, imafuna 8GB kapena kuposa, ndipo emulator (foni yoyerekezera ya pa kompyuta) ndiyo imadya kwambiri. Lembani mu VS Code, pulogalamu yopepukirapo yolembera khodi, lumikizani foni yeniyeni ndi chingwe cha USB, muyatse USB debugging. Ndipo ikhale foni yofooka kuposa yanuyo, chifukwa ndi pamene kuchedwa kwa app kumaonekera. SDK ndi Gradle, zida zomangira app, zimakoka mafayilo aakulu poyamba, ndiye tsiku limenelo pezani Wi-Fi. Ngati laputopuyo imalola, kuwonjezera RAM n'kotchipa kuposa kugula ina.

Za iPhone ziikeni pambali kaye. Zimafuna Mac yokhala ndi Xcode (pulogalamu ya Apple yopangira ma app), kuphatikiza $99 chaka chilichonse kwa Apple, pomwe Google Play ndi $25 kamodzi kokha. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, yambani msanga kufufuza khadi yolipirira. Akaunti zatsopano za munthu payekha pa Google Play zimafunanso anthu 12 oyesa app kwa masiku 14 osadukiza isanatuluke poyera. Anthuwo akhale eni magolosale amene amagula kwa inu kale. Podikira zimenezo mukhoza kuwatumizira APK pa WhatsApp. Poipanga mu Flutter wonjezerani --split-per-abi kuti fayilo ichepe, ndipo muwasonyeze polola foni kuika app yochokera kunja kwa Play Store.