Chitoliro chakuda chija: luso lake lili pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Nkhotakota, mphunzitsi wopuma pantchito. Mwana wawo amene ali pasukulu kunja anawatumizira kanema: mayi wina akuimba clarinet, kumbuyo kwake gulu la anthu a mavayolini, nyimbo ya Mozart, katswiri wopeka nyimbo wa ku Austria. Akuti anaonera mpaka kumapeto, mphindi pafupifupi 30, bandulo yonse n'kuthera pomwepo, ndipo anthu a muholomo anaimirira n'kuomba m'manja osalekeza. Funso lawo linali lakuti: "Mawu mulibe, ng'oma mulibe, ine ndangomva chitoliro chikukwera n'kutsika. Luso lake lili pati? Kapena makutu angawa ndi akumudzi?"

Bambo, makutu anuwo ali bwinobwino. Ndipo chitolirocho si chachilendo kwenikweni kwathu kuno. Clarinet ya akatswiri amaisema ndi mtengo wa phingo, womwewu umene osema ziboliboli amaukonda. Mafakitale a ku Ulaya amaugula makamaka ku Tanzania ndi ku Mozambique, chifukwa ndi wolimba ndipo sufufuma msanga ndi chinyontho cha m'kamwa. Mawu ake amachokera pa kabango kamodzi kopyapyala kamene amakamangirira kukamwa kwa chidacho. Munthu akauzira, kabangoko kamanjenjemera. Chida chimenechi chinayambira ku Nuremberg m'dziko la Germany cha m'ma 1700, m'manja mwa mmisiri Johann Christoph Denner.

Ine ndinayesapo kuchiuzira kamodzi, chobwereka kwa mnzanga wa bandi kuno ku Salima. Ndinafufuma masaya, misozi m'maso, koma chimene chinatuluka chinali kulira kwa bakha woponderezedwa ndi njinga. Agalu a oyandikana nawo anayamba kuuwa. Kuchokera tsiku limenelo ndimawapatsa ulemu anthu amenewa.

Nyimbo ya mtundu umenewu amaitcha concerto, ndipo kayendedwe kake mumakadziwa kale. Mmodzi amatsogolera, gulu limavomera, monga mmene zimakhalira m'kwaya kapena asodzi akamakoka khoka. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nyimbo ya Mozart gulu ndilo limayamba. Kwa mphindi pafupifupi ziwiri mayi uja amangoima, chida m'manja, gulu likuyala nyimbo. Kenaka iye amaitola nyimbo yomweyo n'kuyamba kuikongoletsa. Mukabwereza kanemayo, gwirani kanyimbo koyambirirako m'mutu, muzikasaka paliponse pamene kabwerera.

Mozart analemba nyimboyi mu 1791, kulembera mnzake Anton Stadler, katswiri woimba clarinet. Anaimaliza mu Okutobala, ndipo pa 5 Disembala chaka chomwecho anamwalira ku Vienna ali ndi zaka 35. Chida cha Stadler chinali chachitali kuposa clarinet wamba, chotha kutsika pansi kwambiri. Masiku ano amachitcha basset clarinet. Mapepala amene Mozart analemba ndi dzanja lake anasowa, ndipo amene anasindikizidwa iye atamwalira anakweza mawu apansiwo kuti akwane pa chida wamba. Choncho ngati m'kanema mwanumo chitolirocho chikuoneka chachitali modabwitsa, dziwani kuti woimbayo akuyesa kubwezera zimene mwininyimbo ankafuna. Za ng'oma zija, Mozart anazisiya dala. Malipenga aphokoso nawo mulibe. Anasankha zida zofatsa zokhazokha, za nsambo ndi zouzira zochepa, kuti phingo uja asamizidwe.

Tsono luso. Clarinet ili ndi mawu angapo m'thupi limodzi. Pansi imalankhula ngati bambo wa besi, mawu akuda, onenepa. Pamwamba imawala ngati mtsikana wa soprano. Mozart amakonda kuzilankhulitsa ziwirizi: funso pansi, yankho pamwamba, woimba mmodzi yemweyo, mpweya umodzi womwewo. Pakati pa mawu apansi ndi apamwamba pali malire ovuta, pamene zala zambiri zimayenera kutseka mabowo nthawi imodzi. Chala chimodzi chikachedwa pang'ono, kapena mlomo ukalefuka, bakha wanga uja amatulukira pamaso pa anthu onse. Katswiri amadumpha malire amenewa kambirimbiri inu osazindikira n'komwe. N'chifukwa chake mwangomva kukwera ndi kutsika: ntchito yonse anaibisa.

Nyimboyi ili ndi zigawo zitatu, koma kwa ine, mtima wa nkhani uli m'chigawo chachiwiri, chapang'onopang'ono, chimene amachitcha Adagio. Kuthamangitsa zala munthu amaphunzira ndi zaka. Chovuta ndi kugwira liwu limodzi lalitali, lapansipansi, osaligwedeza, osalitsitsa, mpweya ukutha m'chifuwa. Pamenepa musayang'ane zala. Yang'anani mapewa ndi pakamwa, muone pamene akubera mpweya. Woimba wabwino amapuma pamene chiganizo chathera, monga mmene mlaliki wodziwa sapumira pakati pa liwu. Chakumapeto kwa chigawochi nyimbo yoyamba ija imabweranso, ndipo akatswiri ambiri amaiimba motsitsa kwambiri mpaka mumadabwa ngati chida chikulirabe. Zimandikumbutsa nyanja m'mamawa ku Senga Bay mwera usanadzuke, madzi ali zii, bwato limodzi patali. Ndi zida zouzira zochepa zimene zingayambe liwu kuchokera pa chete weniweni ngati clarinet. Anthu aja anaimirira chifukwa cha zimenezi, ndikukhulupirira, osati chifukwa cha liwiro.

Pempho langa: musamvetsere pa sipika ya foni. Imadya mawu onse apansi, n'kusiya kaphokoso kopyapyala. Bwerekani mahedifoni kwa adzukulu, usiku ana atagona.

Chigawo chachitatu ndi chovinika, kanyimbo kamodzi kamapita n'kubwera ngati kolasi, ndipo sichisowa kufotokoza. Mwina munadabwanso kuti pakati pa zigawo anthu sanaombe m'manja, kumangotsokomola. Sikuti sanasangalale ayi. Ndi mwambo wa m'maholo amenewo kudikira mpaka zigawo zonse zitatu zithe. Ine mwambowu sindimaukonda kwenikweni, munthu akachita bwino azimva pomwepo, koma kwa eni kulibe mkuwe.

Mukafuna moto wa zala, Carl Maria von Weber analemba ma concerto awiri mu 1811, kulembera woimba clarinet Heinrich Baermann, ndipo kumapeto kwake woimba amathamanga ngati akuthawa njuchi. Aaron Copland wa ku America anamaliza yake mu 1948, ya Benny Goodman, katswiri wa jazi, ndipo theka lake lachiwiri mukhoza kugwedezera mutu. Koma popeza inu mwadandaula za ng'oma, muuzeni mwanayo akutumizireni ya Carl Nielsen wa ku Denmark, ya mu 1928. Mmenemo muli kang'oma ka perete kamene kamakangana ndi clarinet, kuiputa, kuidula mawu, ngati anthu awiri olimbirana malo pamsika wa nsomba. Ayambe watumiza ya bandulo.