Adokotala, musanasaine ndi wogulitsa pulogalamuyo

Adokotala, funso lanu ndalimva chonchi: muli ndi kiliniki yanuyanu, madokotala awiri, nesi mmodzi ndi mayi wolandira odwala pakhomo. Mafayilo apepala adzaza mashelefu, ena ayamba kusowa, ndipo kwabwera wogulitsa pulogalamu yosungira mbiri ya odwala pakompyuta amene wakuonetsani zinthu zokongola. Mukufuna kudziwa ngati muyambe, komanso pulogalamu yabwino ndi iti. Anzathu pagulu pano akupatsani kale mayina a mapulogalamu ambirimbiri. Ine ndikuti yambani ndithu, pepala lakwana. Koma dzina la pulogalamu lisungeni kaye pambali. Choyamba kufunsa n'chakuti, tsiku limene mudzafune kusiyana ndi kampaniyo, mbiri za odwala anu mudzazitenga bwanji, ndipo zidzabwera zili motani?

Ndikuyambira pamenepa chifukwa inu si chipatala chachikulu. Chipatala chachikulu chili ndi anthu a makompyuta olembedwa ntchito, chili ndi maloya, ndipo chikakwiya kampani imanjenjemera poopa kutaya kasitomala wonenepa. Inu mukakwiya, kampani imangokuuzani kuti dandaulo lanu lalandiridwa. Mphamvu zanu zonse zili pa nthawi ino musanasaine. Zikapita zaka zitatu odwala anu onse ali m'kati mwa pulogalamu yawo, mtengo akakweza mudzalipira basi, chifukwa kutuluka kudzakhala kowawa kuposa kukhala.

Wogulitsa aliyense amayankha kuti "deta ndi yanu, palibe vuto." Musakhutire ndi mawuwo. Muuzeni alembetse odwala ongopeka angapo, awaikire matenda, mankhwala ndi zotsatira za kulabu, kenako atulutse zonsezo pamaso panu n'kukupatsani. Mukapatsidwa mulu wa ma PDF, dziwani kuti mwapatsidwa zithunzi za mapepala: munthu angawerenge, koma pulogalamu ina singadziwe kuti mzere uwu ndi mankhwala ndipo uwu ndi shuga wa m'magazi. Chofunika ndi deta yoikidwa m'magawo ake, kaya m'mafayilo a CSV (matebulo a mizere ndi magawo) okhala ndi kufotokoza kwa gawo lililonse, kaya mwa njira ya FHIR imene bungwe la HL7 linakonza kuti mapulogalamu a zaumoyo azimvana. Ndiyeno m'kontirakitimo mulembedwe kuti kutulutsa detayo kudzatenga masiku angati, mudzalipira zingati ngati kulipo kulipira, ndiponso chidzachitike n'chiyani kampaniyo ikagulidwa kapena ikatseka. Musaone ngati ndikukokomeza. Ku America khalidwe lokanirira deta linafika poti boma linachita kuliletsa m'lamulo la 21st Century Cures Act la mu 2016, ndipo malamulo ake oletsa kutsekereza mbiri za odwala anayamba kugwira ntchito mu April 2021.

Pali mnzathu wina wati mungotenga yaulere. Yaulere ili mitundu iwiri, tisaiphatikize. Pali mapulogalamu ngati OpenMRS, imene inayamba mu 2004 mogwirizana pakati pa mabungwe a zaumoyo a Regenstrief Institute ndi Partners In Health, ndi ina yotchedwa OpenEMR. Amenewa aliyense angathe kuwatenga, kuona mmene analembedwera ndi kuwasintha. Laisensi simulipira, koma pamafunika munthu wodziwa woti aike, azikonza ndi kuyankha foni zikavuta, ndipo munthu ameneyo amadya. Mtundu wachiwiri ndi wa kampani yofuna phindu imene ikukupatsani chinthu chake kwaulere. Pamenepo funsani kuti ndalama zawo akuzipeza kuti. Practice Fusion inatchuka kwambiri pakati pa makiliniki ang'onoang'ono a ku America chifukwa inali yaulere. Mu January 2020 inavomera kulipira madola 145 miliyoni pothetsa milandu, ndipo umodzi mwa milanduyo unali wakuti inalandira ndalama kwa kampani yopanga mankhwala amphamvu opha ululu a gulu la opioid kuti iike timauthenga totulukira pa sikirini ya dokotala, tomukankhira ku mankhwala amenewo. Dokotala ankaona ngati ndi malangizo a zachipatala, pamene ndi malonda ovala malaya oyera. Nkhani imeneyi imandiwawa kuposa zina zonse, chifukwa inalowerera pamalo pamene wodwala amakhulupirira kuti pali iye ndi dokotala wake basi.

Tsopano za mtengo. Ndalama ya pamwezi imene akuuzaniyo ndi kagawo kochepa. Pali makompyuta, pulinta, sikana, intaneti yodalirika ndi ina yapadera yoti izigwira yoyambayo ikagwa, mabatire osungira magetsi, maphunziro a antchito. Koma chodula kwenikweni ndi nthawi yanu. Boma la America linakankha ntchito yosamukira ku mbiri za pakompyuta ndi lamulo la HITECH mu 2009: dokotala ankatha kulandira mpaka madola 44,000 kudzera ku Medicare kapena 63,750 kudzera ku Medicaid (zonsezi ndi inshuwaransi za boma za zaumoyo) akaonetsa kuti akugwiritsadi ntchito pulogalamu yovomerezeka, ndipo kuyambira 2015 amene anakana anayamba kudulidwa malipiro. Zinathekadi: madokotala a m'makiliniki amene anali ndi mbiri za pakompyuta anachoka pa 42 pa 100 alionse mu 2008 kufika pa 88 mu 2021. Koma walira mvula walira matope. Kafukufuku wa Christine Sinsky ndi anzake, amene anatuluka mu Annals of Internal Medicine mu 2016, anapeza kuti pa ola lililonse limene dokotala ankakhala maso ndi maso ndi odwala, ankatha maola ena pafupifupi awiri pakompyuta ndi ntchito za padesiki, ndipo ena ankapitiriza kulemba usiku kunyumba kwa ola limodzi kapena awiri.

Chochititsa chidwi n'chakuti vuto silinali kompyuta payokha. Mu 2018 magazini yomweyo inasonyeza kuti zolemba za madokotala a ku America zinali zazitali pafupifupi kanayi poyerekeza ndi za madokotala a m'mayiko ena ogwiritsa ntchito pulogalamu yomweyomweyo. Kusiyana kunali pa amene akulemberedwa. Ukamalembera a inshuwaransi ndi maloya, umadzaza tsamba. Ukamalembera dokotala mnzako amene adzaone wodwalayo mwezi wamawa, mizere ingapo imakwana. Inu poti kiliniki ndi yanu, muli ndi mwayi umene olembedwa ntchito alibe: mungathe kugamula nokha kuti m'fomu yanu mukhale mabokosi angati. Bokosi lililonse lokakamiza kudzaza lizikhala ndi chifukwa chimene mungachitchule. Ndipo letsani msanga chizolowezi chokopera zolemba za ulendo wapita n'kuzimata lero. Zimafulumira, inde, koma mapeto ake fayilo imanena kuti bala "likupola bwino" miyezi isanu ndi umodzi litapola kale, ndipo owerenga amasiya kukhulupirira chilichonse cholembedwamo.

Mwafunsanso za mafayilo akale, ngati muwasikane onse. Ayi. Mudzalipira munthu miyezi yambiri kuti akupangireni zithunzi zimene palibe adzazitsegule. Njira yabwino ndi yotsatira wodwala: amene akubwera sabata yamawa, fayilo yake itulutsidwe, ndipo nesi kapena dokotala alowetse ndi manja zinthu zofunika zokha, monga matenda amene ali nawo, mankhwala amene akumwa panopa, mankhwala amene thupi lake limadana nawo, maopaleshoni akale, katemera, ndi zotsatira zaposachedwa za kulabu. Makalata ochepa ofunika ndiwo asikanidwe. Mndandanda wa matenda pamwamba pa fayilo si nzeru ya makompyuta. Dokotala wa ku America Lawrence Weed ankaiphunzitsa kale m'zaka za m'ma 1960 pamene zonse zinali papepala, pamodzi ndi kalembedwe ka SOAP (zimene wodwala wanena, zimene dokotala wapeza, chimene akuona kuti ndilo vuto, ndi zoti zichitike) kamene munaphunzira kusukulu. Ngati mndandandawo unali wosokonekera papepala, kompyuta idzangousunga mosokonekera momwemo, kungoti tsopano uziwerengeka bwino. Ntchito yolowetsa mankhwala ndi zimene thupi limadana nazo musaipereke kwa wophunzira wongolembedwa ganyu yotaipa.

Munthu wofunika kwambiri pa ntchito yonseyi ndi mayi wa pakhomo uja, ndipo nthawi zambiri ndi amene amaiwalika pa maphunziro. Taganizirani m'mawa wotanganidwa: mzere wafika panja, foni ikulira, wodwala watchula dzina lake, mayiyo walemba chilembo chimodzi mosiyana ndi mmene linalembedwera poyamba, kompyuta yati palibe. Iye posafuna kuchedwetsa anthu wangotsegula fayilo yatsopano. Tsopano munthu mmodzi ali ndi mafayilo awiri. Mu yoyamba munalembedwa kuti penicillin amamutupitsa nkhope ndi kumubanikitsa. Yachiwiri ndi yoyera. Inu mwatsegula yachiwiriyo, mwalemba amoxicillin, mankhwala a gulu lomwelo la penicillin, ndipo pulogalamu yakhala chete chifukwa palibe chimene ikudziwa. Choncho lamulo la pakhomo likhale lofufuza ndi zinthu ziwiri kapena zitatu, tsiku lobadwa, nambala ya foni, nambala ya kiliniki, asanatsegule fayilo yatsopano. Ndipo muonetsetse kuti pulogalamuyo ili ndi njira yolumikizira mafayilo awiri kukhala imodzi popanda kutaya kanthu. Wogulitsa akuonetseni zimenezo, osati ma grafu okongola aja.

Masabata oyamba chepetsani odwala a patsiku. Ndalama zitsika pang'ono, zikonzekereni. Amene amaumirira kuona chiwerengero cha masiku onse amathera kulemba papepala masana n'kumalowetsa usiku, ndipo zikatero anthu amatopa n'kubwerera ku zakale. Musayambe nyengo imene kiliniki imadzaza kwambiri. Sankhani mmodzi mwa antchito amene zamakompyuta zimamuyenda kuti aphunzire mozama, ena azifunsa kwa iye. M'chipinda choonera odwala, sikirini iikeni pambali, moti inu, wodwala ndi kompyuta muzionana nonse. Musamufulatire munthu amene akukuuzani za chotupa chimene chamusowetsa tulo. Mphindi zoyamba manja achoke pa kiyibodi. Odwala ambiri amasangalala mukawatembenuzira sikirini n'kuwaonetsa mmene BP yawo yatsikira m'miyezi yapitayi.

Za kusunga pa seva yanu kapena pa intaneti kwa kampani, sindichedwapo. Kiliniki ya anthu anayi yopanda katswiri wa makompyuta imapepukidwa ndi ya pa intaneti, malinga netiweki ndi yodalirika ndipo malamulo a dziko lanu amalola kuti deta ya odwala isungidwe kumene kampaniyo imasunga. Seva ya m'kabati imafuna munthu woisamala tsiku ndi tsiku.

Kulikonse kumene mungasunge, konzekerani tsiku limene zonse zidzazime. Mu May 2017 kachilombo ka pakompyuta kotchedwa WannaCry kanagwira NHS, bungwe la boma loyendetsa zachipatala, ku England. Makiliniki a madokotala a m'madera okwana 595 anakhudzidwa, ndipo maulendo a odwala pafupifupi 19,000 analephereka. Kanalowera m'makompyuta a Windows amene sanaikidwe zokonza zimene Microsoft inali itatulutsa kale miyezi iwiri m'mbuyomo. Mu February 2024 akuba a pa intaneti analowa mu Change Healthcare, kampani imene imadutsitsa mabilu a zipatala kupita ku inshuwaransi ku America, kudzera pakhomo lopanda chitetezo chachiwiri chotsimikizira wolowa. Makiliniki ang'onoang'ono amene sanalakwe chilichonse anakhala masabata osalandira malipiro. Zoyenera kuchita sizachilendo ayi. Aliyense akhale ndi dzina lake lolowera ndi pasiwedi yake, osati imodzi yomata pa kapepala pansi pa kiyibodi, chifukwa tsiku lina mudzafuna kudziwa amene anatsegula fayilo ya mnansi wake popanda chifukwa. Wantchito akasiya ntchito, khomo lake litsekedwe tsiku lomwelo. Kope lina la deta lizikhala kunja kwa kiliniki, losalumikizidwa ku makompyuta anu, ndipo muziyesa kulibwezeretsa nthawi ndi nthawi. Ambiri amadzazindikira kuti kope lawo n'lopanda kanthu pa tsiku limene akulifuna. Mu dirowa muzikhala mafomu apepala, ndipo madzulo aliwonse mndandanda wa odwala a mawa usindikizidwe.

Mwina ndaopseza kwambiri. Phindu lilipo, ndipo lalikulu si kusowa kwa fumbi m'mashelefu. Ndi kutha kufunsa funso limene pepala silingayankhe: odwala shuga anga amene sanabwere miyezi isanu ndi umodzi ndi ati? Ndani akumwa mankhwala awa amene aletsedwa dzulo? Ndi zotsatira ziti za kulabu zimene zabwera koma palibe waziona? Pa mafayilo apepala ntchito imeneyi ndi ya sabata yathunthu, pakompyuta ndi ya kamphindi, bola ngati matenda analowetsedwa ndi makodi ake, monga a ICD-10, mndandanda wa makodi a matenda wa padziko lonse, osati aliyense kulemba mmene wafunira. Machenjezo a mankhwala osagwirizana nawonso amathandiza, koma muwachepetse atsale oopsa okha. Akamatulukira pa wodwala aliyense, dzanja limazolowera kuwatseka maso asanawerenge.

Mafayilo akale aja musawawotche mukangosamuka. Mayiko ambiri ali ndi zaka zawo zimene lamulo limafuna kuti mbiri ya wodwala isungidwe, ndipo za ana kawirikawiri zimasungidwa nthawi yotalikirapo. Funsani ku bungwe limene linakupatsani chilolezo chogwirira ntchito, yankho likhale lolembedwa, ndipo pakadali pano mafayilowo akhale m'chipinda chokhoma, kiyi ali ndi munthu mmodzi wodziwika.