Kodi pulogalamu ya pa foni imamva zimene ikunena?

Bambo wina wandilembera imelo. Akuti mwana wawo amakhalira kucheza ndi pulogalamu ya pa foni yoyankha mafunso ngati munthu, ndiye akufunsa: "Kodi chinthu chimenechi chimamvadi zimene chikunena, kapena chimangobwebweta?"

Bambo, funso lanuli analimbana nalo kale John Searle wa ku America, yemwe anayamba kuphunzitsa filosofi pa yunivesite ya ku Berkeley mu 1959. Mu 1980 anapereka fanizo ili. Tayerekezani kuti akutsekerani m'chipinda, inu Chitchaina osachidziwa ngakhale liwu limodzi. Akunja akulowetsa timapepala ta zilembo za Chitchaina pansi pa chitseko. M'manja muli ndi buku la malangizo m'chinenero chanu: ukaona chilembo chakuti, bweza chakutichakuti. Mukutsatira mosaphonyetsa, mpaka akunja aja kukhulupirira kuti mkatimo muli mwini chinenero. Nanga inuyo mwamvapo chiyani? Palibe. Mwangosanja zilembo poona maonekedwe ake. Searle anati ntchito ya kompyuta ndi yomweyo, ndipo kusanja zizindikiro pakokha sikubala tanthauzo. Apa ankatsutsa muyeso umene Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku England, anapereka mu 1950, woyesa nzeru za makina poona ngati akuyankha mofanana ndi munthu.

Ena anamuyankha kuti womva si munthuyo payekha, koma iye, buku ndi chipinda pamodzi. Searle anati chabwino, aloweze buku lonselo pamtima, atuluke panja, Chitchaina sadzachimvabe. Kwa iye maganizo ndi ntchito ya ubongo wamoyo, monga kugaya chakudya ili ntchito ya m'mimba. Mvula yoyerekezera pa kompyuta sinyowetsa munthu. Pamenepa ine ndimakayikako pang'ono, chifukwa sanalongosole bwino chimene chili mu ubongo chomwe makina sangakhale nacho.

Chimene chimandigwira mtima ndi buku lake la 1969, Speech Acts, momwe anakuza maganizo a J. L. Austin, mphunzitsi wa filosofi pa yunivesite ya Oxford, akuti kulankhula ndi kuchita. Mukauza mnzanu kuti "ndikubwezerani ndalama zanu Lachisanu", mwadzimanga nokha ndi pakamwa panu, ndipo Lachisanu likakwana abwera kudzagogoda. Pulogalamu ya mwana wanuyo ikhoza kulemba chiganizo chomwechi mosalakwitsa. Koma Lachisanu mukagogoda pakhomo pa ndani?