Macheza nawonso ndi kafukufuku

Mayi wina amene akuphunzira za umoyo wa anthu wandilembera imelo. Akufuna kucheza ndi amayi amene amasiya kumwa ma ARV akangobereka kuti amve zifukwa zawo, koma womuyang'anira akuti macheza si kafukufuku, abweretse manambala. Akufunsa ngati asinthe njira.

Musasinthe, achemwali.

Ine ndinagwirapo ganyu yoyenda m'midzi ndi mapepala a mafunso. "Kodi usiku wathawu munagona m'neti?" Aliyense ankati inde, chonsecho netiyo ndikuiona yatchinga mbande kudimba. Sunali mwano ayi. Mlendo wabwera pa galimoto ya bungwe, amfumu akhala poteropo, ndani angayankhe kuti ayi? Pepala likalowa m'chikwama m'pamene mayi yemweyo ankamasuka: m'netimo mumatentha, anthu akuti imabweretsa nsikidzi, ndipo ana amagona pamphasa pabalaza pomwe palibe pomangirira. Zonsezi papepala panalibe pozilemba. Kuofesi ankangowerenga ma "inde" aja n'kumakondwa.

Susan Watkins, katswiri wofufuza za chikhalidwe cha anthu wa ku University of Pennsylvania ku America, anaona vutoli. Kuyambira 1999 anapempha anthu wamba akumidzi kuno kuti azilemba m'makope zimene akumva anzawo akukamba za Edzi, kumjigo, pamaliro, pabawo. Zinapezeka kuti anthu ankaikambirana kwambiri nkhaniyi, pamene akatswiri ankati kumudzi kuli chete. Nako ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone mu 2014, mabanja ankabisa odwala Ebola, mwa zina chifukwa maliro ankaikidwa ndi alendo popanda mwambo. Zinayamba kusintha azaumoyo atakhala pansi n'kumva madandaulo a anamfedwa.

Manambala sindikuwanyoza, koma aphunzitsi amene amalambira tebulo la manambala lokha amanditopetsa. Dziko lathu la Malawi ndilo linayambitsa Option B+ mu 2011, ndondomeko yopereka ma ARV kwa moyo wonse kwa amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV, ndipo makaundula a m'zipatala amaonetsa kale kuti amayi ena sabwereranso. Chimene kaundula sanganene n'chakuti mayi akubisa botolo m'thumba la ufa poopa kuti bambo akaliona banja latha.

Tsono chitani izi

Pezani chilolezo ku komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC. Nkhani ngati iyi musaifunse pagulu. Chezani ndi mmodzimmodzi, kutali ndi chipatala, namwino asakhalepo. Jambulani mawu akavomera, muwalembe m'chilankhulo chomwe ayankhula, ndipo muleke mukaona kuti palibenso chatsopano chikutuluka. Womuyang'anirayo mukamupatse manambala a m'kaundula pa tsamba loyamba, mtima wake ukhale pansi.